Pulogalamu ikakana kulowa m'kompyuta, musathamangire kufomata

Amayi, m'makomo ambiri kuno ku Mangochi, kuyambira ku Namwera ndi ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, mumapezeka laputopu yomwe mwana kapena mlongo anatumiza kuchokera ku Joni. Ena mwa inu ndinu alembi kapena asungichuma a banki m'khonde, ndipo mumalembamo masheya ndi ngongole za gulu. Ena mumasungamo zithunzi za ukwati, makalata a sukulu ndi mawerengero a geni ya usipa.

Tsiku lina mukufuna kuikamo pulogalamu yatsopano. Mwadina kawiri, koma palibe chikuchitika, kapena pangotuluka uthenga wa Chingerezi. Mnzanu n'kukuuzani kuti yafa imeneyo, pitani nayo ku boma akaifomate. Dekhani kaye. Kufomata kumafufuta zomwe munasungamo, ndipo ngati kaundula wa ngongole anali momwemo basi, tsiku logawana ndalama padzakhala mkangano. Kawirikawiri kompyuta imakhala ilibe vuto lalikulu. Imangokana pa chifukwa chomwe inu nomwe mungachipeze.

Musanayambe

Koperani mafayilo ofunika a gulu ndi a banja pa fulashi yanuyanu. Kenako jambulani ndi foni uthenga womwe watuluka pa sikirini, chifukwa mawu amenewo ndiwo akunena pomwe pavuta. Mukatero zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso, n'kuyesanso. Nthawi zina Windows imakhala ikumalizitsa kuika zina, ndipo silola ntchito ziwiri zotere nthawi imodzi. Ikakanabe, dzifunseni mafunso awa motsatana.

1. Kodi fayilo inafika yonse?

Pulogalamu imabwera m'fayilo yoikira, yomwe pa Windows dzina lake limathera ndi .exe kapena .msi. Netiweki ikaduka, bandulo ya TNM kapena Airtel ikatha, kapena magetsi a ESCOM akazima muli pakati pokopera, fayilo imafika yoduka. Dzina likathera ndi .crdownload kapena .part, dziwani kuti sinamalize kufika. Yerekezani kukula kwake ndi komwe kwalembedwa pa tsamba lomwe munaitenga. Ngati yanu ndi yaing'ono, ifufuteni, muikoperenso pamalo pomwe netiweki imagwira bwino, mutaonetsetsa kuti bandulo ikwanira.

Fayilo yothera ndi .zip ili ngati mtolo womanga. Iyenera kumasulidwa kaye. Idineni ndi batani lakumanja la mausi, musankhe "Extract All", ndipo mutsegule fayilo yoikira kuchokera m'foda yatsopanoyo.

2. Kodi ndi ya chipangizo chanu?

Fayilo yothera ndi .apk ndi ya foni za Android, ndipo ya .dmg ndi ya makompyuta a Apple. Zonsezi sizitseguka pa Windows ngakhale mutadina kangati. Komanso Windows ilipo ya mitundu iwiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit. Pulogalamu ya 64-bit singalowe pa Windows ya 32-bit, ndipo apa m'pomwe pamatuluka uthenga woti "This app can't run on your PC". Kuti mudziwe mtundu wa yanu, tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge mzere wolembedwa "System type". Pa Windows 7, dinani Computer ndi batani lakumanja, musankhe Properties. Ngati yanu ndi ya 32-bit, bwererani pa tsamba la pulogalamuyo mukaone ngati ilipo yoyenera mtundu umenewu.

3. Kodi Windows yanu yakalamba?

Malaputopu ambiri akaunjika amabwera ndi Windows yakale. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023, ndipo tsiku lomwe inaika la Windows 10 linali 14 Okutobala 2025. Opanga mapulogalamu nawo amatsatira pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, Google Chrome yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi ya nambala 109, ya m'chaka cha 2023. Yatsopano kuposa pamenepo ikana basi.

Kompyuta yotere sikuti ndi yotaya. Ikhoza kulemba makalata ndi kusunga mawerengero bwinobwino. Koma poti mipata yomwe akuba amalowera siikutsekedwanso, musamaigwiritse ntchito potsegula akaunti ya ku banki pa intaneti. Funsani mmisiri ngati ingathe kunyamula Windows yatsopano musanalipire chilichonse.

4. Kodi muli malo, nanga chilolezo muli nacho?

Tsegulani "This PC" muone mzere wa pansi pa chilembo C. Ukafiira ndiye kuti mwadzaza. Samutsirani mafilimu, nyimbo ndi mavidiyo a zinkhoswe pa fulashi, ndipo mukhuthule Recycle Bin.

Kuika pulogalamu kumafunanso chilolezo cha mwini kompyuta, yemwe Windows imamutcha administrator. Dinani fayilo ndi batani lakumanja, musankhe "Run as administrator". Ikafunsa pasiwedi yomwe simukuidziwa, imbirani amene anakutumizirani laputopuyo. Malaputopu ena otchipa amabwera ndi Windows yolembedwa "S mode", yomwe imalola mapulogalamu a mu Microsoft Store okha. Kuchoka mu S mode n'kwaulere, koma mukachoka simungabwererenso.

5. Kodi deti ndi lolondola?

Yang'anani pakona ya kumunsi kwa sikirini. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo, komwe kamasunga deti ndi nthawi. Kakatha mphamvu, kompyuta imabwerera ku chaka chakale, ndipo masamba a pa intaneti ndi mapulogalamu ena amakana chifukwa zikalata zawo zotsimikizira sizikugwirizana ndi deti. Konzani deti, muyesenso. Likamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mukayatsa, kabatireko kasinthidwe. Si kokwera mtengo.

6. Kodi yazima yokha ili pakati?

Kutentha kwa kunyanja kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mukukudziwa. Laputopu ikatentha kwambiri imadzizimitsa kuti isapse, makamaka ikaikidwa pa bedi kapena pa chitenje, pomwe timabowo totulutsira mpweya timatsekeka. Iikeni pa tebulo, pamthunzi, ndipo ntchitoyi muichite m'mawa kusanatenthe. Ngati batire ndi lofooka, musayambe kuika pulogalamu nthawi yomwe magetsi akhoza kuzima kapena sola yatsala pang'ono kutha.

7. Kodi ndi mlonda amene wakana?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse. Windows ili ndi mlonda wake woteteza ku mavayirasi. Akakayikira fayilo, amaitsekera kapena amaonetsa uthenga woti "Windows protected your PC". Apa dzifunseni komwe fayiloyo yachokera. Ngati mwaikopera nokha pa tsamba lenileni la kampani yomwe inapanga pulogalamuyo, mukhoza kudina "More info" n'kupitiriza. Koma ngati yachokera pa fulashi yomwe yayenda m'malo obenera nyimbo, kapena wina waitumiza pa WhatsApp, mverani mlonda.

Chenjerani ndi munthu wokuuzani kuti muzimitse kaye chitetezo kuti pulogalamu ilowe. Mapulogalamu ogulitsa omwe anthu amathyola n'kumagawa mwaulere nthawi zambiri amabisa vayirasi, ndipo vayirasi ikhoza kuba mapasiwedi kapena kutseka mafayilo anu onse. Chizindikiro china ndi ichi: mukalowetsa fulashi n'kupeza mafoda anu asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, musatsegule. Fulashiyo yadwala.

Ngati chomwe mukufuna ndi kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama za gulu, pali pulogalamu yotchedwa LibreOffice. Ndi yaulere mwalamulo, imagwira pa Windows 10 ndi 11, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi a Excel.

Mukapita kwa mmisiri

Mafunso onsewa akalephera, pitani nayo ndithu kwa mmisiri, koma mupite mukudziwa zonena. Muonetseni chithunzi cha uthenga uja, mumuuze zomwe mwayesa kale. Safunsa anadya phula, choncho funsani kuti vuto ndi chiyani kwenikweni, achita chiyani, ndipo ndi ndalama zingati. Akanena zofomata, funsani ngati palibe njira ina, ndipo musavomere musanaone ndi maso anu kuti mafayilo akoperedwa pena. Kaundula wa gulu ali ndi mayina ndi ngongole za amayi anzanu, choncho ngati n'kotheka khalani pomwepo akamagwira ntchito, ndipo musinthe pasiwedi mukafika kunyumba.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, gwirizanani kuti mlembi azikopera kaundula pa fulashi mwezi uliwonse, ndipo fulashiyo izisungidwa ndi mayi wina, m'nyumba ina. Buku la pamanja nalo lisasiyidwe. Mukatero, tsiku lomwe kompyuta idzakane, mudzakhala pansi n'kufufuza vuto mtima uli m'malo.