Chimfine cha Namwino, Chibayo cha Wodwala

M'dziko muno opaleshoni yoika impso ya munthu wina sichitika. Odwala amapita kunja, makamaka ku India, ena atakhalitsa pa makina osefa magazi ku Kamuzu Central Hospital. Munthu wotere akabwerera kumudzi, tinene ku Kasiya, akamva m'thupi amathamangira kuchipatala chapafupi monga Kabudula, Nambuma kapena St Gabriel's ku Namitete. Choncho chisamaliro chake chili m'manja mwathu.

Thupi limaona impso yatsopano ngati mdani. Pofuna kuti lisaikane, wodwala amamwa tsiku lililonse mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus ndi prednisolone. Mankhwalawa amasunga impso, koma amatsegulira khomo mavairasi a chimfine, fuluwenza, RSV ndi Covid-19. Chimfine chomwe mnzake amachira pa sabata imodzi, kwa iye chimatha kutsikira m'mapapo n'kukhala chibayo. Choopsa n'chakuti mankhwalawa amabisa kutentha thupi, ndipo vairasi amakhalitsa mwa iye, n'kumapatsirabe ena.

N'chifukwa chake kalondolondo ayenera kuyang'ana mbali ziwiri. Kwa wodwala, tisadalire kutentha thupi kokha. Tiwerenge kapumidwe kake, tiyeze mpweya wa m'magazi ndi kachipangizo kapachala, tifunse za chifuwa ndi mamina. Akayamba kubanika, atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu kuti akamuyeze za m'mphuno. Asasiye yekha mankhwala ake popanda kuuzidwa ndi dokotala.

Mbali yachiwiri ndi ife ogwira ntchito. Covid-19, yomwe idapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, idationetsa kuti namwino, mzamba kapena wokonza m'wodi angathe kufalitsa matenda asakudziwa. Ndiye chifukwa katemera atafika mu Malichi 2021, azaumoyo adali m'gulu loyamba kubayidwa. Wodi iliyonse ikhale ndi kaundula wa antchito amene akutsokomola, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Wachimfine anene msanga, avale masiki, asambe m'manja, ndipo apatsidwe ntchito kutali ndi odwala ofooka. Izi zimatetezanso odwala khansa, amene ali ndi HIV komanso ana obadwa masiku asanakwane.

Inu a mumphakati, kuzonda odwala ndi ntchito yachifundo, koma tsiku lomwe mwadzuka ndi chimfine, tumizani moni ndi pemphero kudzera mwa mnzanu. Mudzapita mukachira.