Mawu a za Maganizo m'Nkhani Zolembera Akatswiri: Phunziro Lochokera kwa Maseya

1. Mawu Oyamba

Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a mu Malichi 2019, namondwe Ana wa mu Januwale 2022 ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adasiya anthu ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje m'misasa. Mwa amene adapita kukathandiza mudalinso alangizi ndi akatswiri a za maganizo. Akatswiri otere amalemba zimene apeza pantchito ndi kuzitumiza ku timakalata ta mabungwe awo kuti anzawo aphunzirepo. Kuchokera mu 2014, pamene bungwe la Pan-African Psychology Union lidakhazikitsidwa ku Durban, aŵerengi a nkhani zotere ndi a m'maiko ambiri a mu Africa.

Kaŵirikaŵiri nkhanizi zimalembedwa m'Chingerezi, chonsecho zokambirana zenizeni, monga za m'midzi ya Mfumu Maseya ku Chikwawa, zimachitika m'Chimang'anja, m'Chisena ndi m'Chicheŵa. Mawu amachoka pakamwa pa wodandaula, nadzera kwa womasulira, kwa mlembi ndi kwa mkonzi asadafike kwa woŵerenga. Pa sitepe iliyonse tanthauzo likhoza kupotoka, ndipo likapotoka, chithandizo chimene ena adzakonze potsatira nkhaniyo chimaphonyanso.

2. Mawu Amene Amasokoneza

(a) Misala. Liwuli ndi lodziŵika kwa aliyense, koma limanena za munthu amene wasokonekeratu mutu, woyenda m'misewu kapena woyenera kupita naye kuchipatala cha ku Zomba. Mayi amene akulephera kugona chifukwa nyumba yake idapita ndi madzi si wamisala. Mlembi akamasulira mawu a Chingerezi akuti "mental health" ngati "za misala", anthu amene akufunika chithandizo amathaŵa poopa kunyozedwa. Mawu akuti "thanzi la m'maganizo" ndi "matenda a m'maganizo" ndiwo oyenera, ndipo "misala" lisungidwe pobwereza zimene mwini wake wanena.

(b) Nkhaŵa, kukhumudwa ndi kuvutika maganizo. Alembi ena amagwiritsa ntchito mawu atatuŵa ngati kuti ndi amodzi. Nkhaŵa imayang'ana kutsogolo: mlimi ali ndi nkhaŵa poona mitambo yakuda kumapiri a Thyolo. Kukhumudwa kumabwera chinthu chikalephereka kapena munthu akalakwiridwa, ndipo kumatha msanga. Nthenda imene madokotala amaitcha "depression" imakhalitsa masabata, imachotsa chilakolako cha chakudya, tulo ndi mphamvu zogwirira ntchito. "Matenda ovutika maganizo" ndi mawu amene akuyandikira tanthauzoli. Wolemba "kukhumudwa" amapeputsa nthendayo, pakuti woŵerenga amaona ngati wodwalayo angopepesedwa basi.

(c) Kuganiza kwambiri. Umu ndi mmene anthu ambiri amafotokozera vuto lawo. Wolankhula Chisena anganene za kunyerezera, za kudzudzumika kapena za nyatwa zimene wakumana nazo. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda ndi anzake a Friendship Bench adamanga ntchito yawo pa liwu la Chishona lakuti "kufungisisa", lomwe tanthauzo lake ndi lomweli, chifukwa ndilo limene odwala ankabwera nalo. Komabe kuganiza kwambiri si dzina la nthenda imodzi. Wina amaganiza kwambiri chifukwa cha ngongole, wina chifukwa cha maliro, wina chifukwa akudwaladi. Mlembi asafulumire kuika chizindikiro cha kufanana pakati pa mawuŵa ndi dzina la nthenda.

(d) Mtima. M'ziyankhulo za m'chigwa cha Shire chisoni, mantha ndi mkwiyo zimakhala mumtima. Munthu akati mtima ukumuŵaŵa kapena ukuthamanga, womasulira wosasamala amalemba nthenda ya mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Mwina alidi ndi nthendayo, mwinanso akunena za chisoni. Yankho limapezeka pomufunsa kuti zidayamba liti ndipo zimabwera nthaŵi yanji.

(e) Uphungu. Liwuli lakhazikika ndipo likumveka bwino, makamaka chifukwa cha ntchito yoyezetsa magazi. Vuto lili pa dzina la wogwira ntchitoyo, pakuti "phungu" kwa anthu ambiri ndi wa ku Nyumba ya Malamulo. Nkwabwino kulemba "wopereka uphungu" kapena "mlangizi".

3. Mafunso Omasuliridwa

Mafunso oyezera thanzi la m'maganizo ambiri adapangidwa m'Chingerezi. Ena mwa iwo adamasuliridwa ndi kuyesedwa m'Malaŵi muno. Chitsanzo ndi mafunso 20 a bungwe la World Health Organization otchedwa Self Reporting Questionnaire, amene Robert Stewart ndi anzake adaŵayesa m'Chicheŵa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, nasindikiza zotsatira zake mu 2009. Mlembi amene wagwiritsa ntchito mafunso otere kwa Maseya ayenera kunena ngati adafunsa m'Chicheŵa monga adalembedwera, kapena ngati womasulira ankaŵatembenuzira m'Chisena pomwepo. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Funso lofuna kudziŵa ngati munthu amamva mawu a anthu osaoneka, likafupikitsidwa nkukhala "Kodi mumamva mawu?", wofunsidwa amavomera, chifukwa kwa iye afunsidwa ngati makutu ake ali bwino kapena ngati ndi womvera. Yankho lotere likaloŵa m'chiŵerengero, munthu wabwinobwino amaŵerengedwa ngati wodwala.

4. Zoyenera Kutsata Mlembi ndi Mkonzi

Choyamba, liwu lenileni limene munthu wanena lilembedwe monga lidatulukira, ndipo chiyankhulo chake chitchulidwe. Mlembi asangoti "Chicheŵa" pamene wolankhulayo adalankhula Chisena.

Chachiŵiri, liwulo litsatidwe ndi chiganizo chimene lidagwiritsidwamo ntchito. Woŵerenga wa ku Chipata kapena ku Tete amamva Chinyanja, koma mawu ena amasiyana kagwiritsidwe kake, ndipo chiganizo ndicho chimamuongolera.

Chachitatu, pamene palibe liwu lokhazikika, kufotokoza nkwabwino kuposa kupeka liwu latsopano. M'malo mwa "trauma", mlembi anganene kuti zoopsa zimene munthu adaona zimamubwererabe m'maloto ndi m'maganizo. Liwu lopeka limene mwini wake yekha ndiye akulimva silithandiza mphunzitsi kapena namwino.

Chachinayi, kalembedwe kasamalidwe. Chizindikiro cha mu "m'maganizo" chimaonetsa kuti "u" wa "mu" wachotsedwa. Cha mu "Mang'anja" chimasiyanitsa "ng'" ndi "ng", ndipo chikasoŵa dzina la mtundu wa anthu limalakwika. Chilembo "h" chisasiyidwe mu "nkhaŵa" ndi "uphungu". Alembi ena amalemba "ŵ", ena "w". Mkonzi asankhe njira imodzi ndi kuitsata m'kalata yonse.

Chachisanu, chinsinsi cha wodandaula chisungidwe. Kusintha dzina kokha sikokwanira. M'mudzi wa nyakwaŵa mmodzi, kutchula mayi wamasiye amene adataya mwana pa tsiku lakuti kuli chimodzimodzi kumuloza ndi chala. Mlembi atchule dera la mfumu yaikulu kapena boma, ndipo achotse zizindikiro zimene sizikuthandiza phunziro la nkhaniyo.

5. Mawu Otsiriza

Bungwe la Chicheŵa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imene idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Mabuku otereŵa amalemba mawu amene anthu akugwiritsa ntchito kale, motero amadalira umboni wochokera kumidzi. Katswiri wa za maganizo amene walemba molondola zimene adamva kwa Maseya wathandiza anzake a ntchito, ndiponso wapereka umboni umene okonza mawu angaugwiritse ntchito. Akonzi a timakalata akulimbikitsidwa kuika kumapeto kwa nkhani iliyonse mndandanda waufupi wa mawu, chiyankhulo chake, dera limene adamveka ndi tanthauzo lake.