MAPANGA AWIRI ABVUMBWITSA: MWANA AKAITANIDWA KU MASUKULU AWIRI A UDOKOTALA

Makolo akale anati mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu amene mvula yam'peza pakati pa mapanga awiri, nayamba kuthamangira uku ndi uko, amanyowa ndithu ngakhale kuti pobisala panalipo. Mwambi umenewu ukumveka masiku ano m'nyumba zina za ku Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere, m'mene mwana wokhoza bwino mayeso a Giredi 12 walandira makalata awiri omuitana kukaphunzira udokotala. Cimwemwe cimakhala cacikulu, anansi amabwera kudzayamika, ndipo ena amayambiratu kumuchula mwanayo kuti adokotala. Koma nthungululu zikatha, banja limatsala ndi funso lolemera: kodi apite kuti?

Pa nkhani yotere ambiri timathamangira dzina la sukulu. Komatu sukulu yoyenera mwana wanu ndi imene angalowemo, nakhalamo, natulukamo ali dokotala wobvomerezeka. Tsiku lolowa limakondweretsa, koma coyenera kuyang'ana ndi caka cotsiriza.

Kale panalibe cosankha

Funsoli n'latsopano m'dziko lathu. Kwa zaka pafupifupi 40 Zambia anali ndi sukulu imodzi yokha yophunzitsa madokotala, ya University of Zambia, yunivesite imene inatsegulidwa mu 1966. Sukuluyo ili pa Ridgeway, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH, ndipo madokotala ake oyamba anatsiriza maphunziro mu 1973. Amene sanapeze malo pa Ridgeway anayenera kufuna mwayi kunja, monga ku Soviet Union, kapena kuiwalako za udokotala.

Zinthu zinasintha. Mu 2011 Copperbelt University inatsegula sukulu ya udokotala ku Ndola, imene tsopano ikudziwika ndi dzina la malemu Pulezidenti Michael Chilufya Sata. Mulungushi University inatsegula yake ku Livingstone. Muno mu Lusaka, Levy Mwanawasa Medical University inayamba kuphunzitsa mu 2019 pa Chainama, m'mbali mwa mseu wa Great East. Palinso masukulu amene si a boma, monga Lusaka Apex Medical University, Cavendish University ndi University of Lusaka. N'cifukwa cake mwana mmodzi angathe kulandira makalata awiri, cinthu cimene makolo ake sanacionepo pa nthawi yao.

Kodi kalatayo ikunenadi ciyani?

Coyamba, werengani makalata onse awiri mofatsa, cifukwa mwina sakulonjeza cinthu cimodzi. Ku UNZA mwambo wakhala wakuti wofuna udokotala amayamba caka coyamba m'sukulu ya Natural Sciences, pa kampasi yaikulu ya Great East Road, pamodzi ndi anzake ambirimbiri ofuna uinjiniya, zamigodi kapena zaulimi. Pakutha pa cakaco amene akhoza koposa ndiwo amapatsidwa malo ocepa a udokotala, ndipo otsala amalowa maphunziro ena. Ku Copperbelt University nakonso ambiri amayamba ndi caka ca sayansi ku Kitwe asanapite ku Ndola.

Motero kalata ina ingakhale yopatsa mwana mpando m'kalasi ya udokotala, pamene ina ikungomulola kulowa m'mpikisano wolimbirana mpandowo. Mpikisano si woipa, ndipo mwana wolimba pa masamu ndi sayansi angaulowe mopanda mantha. Koma banja lidziwiretu. Pitani ku ofesi yolandira ophunzira mukafunse momveka: caka catha analowa angati, nanga amene anapita ku udokotala ndi angati? Wosasankhidwa amatani, ndipo ndalama za caka cimeneco zimam'pindulira ciyani?

Cilolezo ca sukulu

Caciwiri ndi cilolezo. Palibe dokotala wololedwa kugwira odwala m'Zambia ngati dzina lake silili m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009 m'malo mwa Medical Council yakale. Bungweli limayendera masukulu ndi kubvomereza maphunziro ao, ndipo limalembanso maina a ophunzira. Palinso Higher Education Authority, imene imalembetsa mayunivesite ndi kuona ngati maphunziro ao afika pa muyeso.

Imeneyi si nkhani ya mapepala cabe. Mu 2018 bungwe la HPCZ linalanda cilolezo ca maphunziro ena m'masukulu angapo, a boma ndi osakhala a boma omwe, pa zifukwa monga kuculuka kwa ophunzira kuposa aphunzitsi ndi zipangizo. Ophunzira anakhala ndi nkhawa yaikulu kufikira zinthu zitakonzedwa. Conco musadalire cikwangwani cokongola kapena zolengeza za pa wailesi. Funsani ku mabungwe awiriwa ngati maphunziro enieni amene mwana wanu waitanidwira ali ndi cilolezo caka cino.

Werengerani mpaka caka cotsiriza

Cacitatu, cimene cimagwetsa ambiri, ndi ndalama. Udokotala umatenga zaka 6 kapena 7, ndipo wophunzira wake, makamaka akayamba kulowa m'mawodi, sakhala ndi mpata wogwira ganyu. Tengani pepala, mulembe mizere iwiri, umodzi wa sukulu iyi, wina wa inayo. Lembani malipiro a sukulu, lendi, cakudya, ulendo, mabuku, kompyuta, intaneti, jasi yoyera ndi cida comvera kugunda kwa mtima. Mukatero muculukitse ndi zaka zonse, pokumbukira kuti mitengo imakwera ndiponso kuti pambuyo pa mwanayu pali ang'ono ake.

Boma limathandiza kudzera ku Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe limene linalowa m'malo mwa Bursaries Committee mwa lamulo la 2016. Thandizoli lakhala likupita makamaka kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndipo ndi ngongole yobweza akayamba nchito, si mphatso ai. Si onse opempha amene amalandira, ndipo ena amalandira gawo cabe la malipiro. Malamulo ake amasinthanso: ndalama za cakudya zinacotsedwa mu 2019, n'kubwezedwanso mu 2023. Wophunzira mmodzi angaone kusintha kotere ali pakati pa maphunziro ake.

M'makomboni mwathu timadziwa kugwirana manja. Cilimba, zopereka za amalume ndi azakhali, ngakhale thandizo la a m'mphakati, zingalipire temu yoyamba. Koma kodi zidzalipira caka cacisanu? Banja limene lagulitsa puloti kapena kutenga kaloba kuti mwana alowe, n'kulephera m'caka cacitatu, limataya zonse ziwiri, cuma ndi udokotala. Theka la udokotala silipatsa munthu cilolezo cogwira wodwala, ndipo kusamukira ku sukulu ina pakati pa ulendo n'kobvuta.

Musakongolenso poganiza kuti malipiro adzayamba mwezi wotsatira tsiku lobvala mkanjo. Wotsiriza maphunziro amayenera kuyamba wagwira nchito pansi pa madokotala akuluakulu asanapatsidwe cilolezo cokwanira, ndipo malo otere amacedwa kupezeka. Mu 2021 bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linadandaula poyera kuti madokotala mazanamazana anali pakhomo opanda nchito. Mu 2022 boma linalemba anchito azaumoyo oposa 11,000, koma masukulu akutulutsabe ena caka ndi caka.

Pafupi kapena kutali?

Kwa banja la mu Lusaka funso limafika pamenepa: mwana akhale pakhomo aziphunzira pa Ridgeway kapena pa Chainama, kapena akwere basi pa Intercity kupita ku Ndola, mtunda wa makilomita pafupifupi 320, ngakhalenso ku Livingstone, kumene kuli kutali koposa?

Kukhala pakhomo kumaoneka kochipa, ndipo nthawi zina n'zoona. Mwana wa ku Mtendere kapena Kalingalinga sali patali ndi Chainama. Koma wa ku George kapena Kanyama amakwera maminibasi awiri kudzera m'tauni, m'mawa ndi madzulo, ndipo nyengo ya mvula miseu ya ku Kanyama imadzaza madzi. Tikumbukenso 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankazima kuposa theka la tsiku. Kodi m'nyumba ya zipinda ziwiri, mogona anthu asanu ndi awiri, mwana adzawerenga pati kufikira pakati pa usiku? Akadzayamba kucezera m'wodi ya amayi oyembekezera, adzabwera bwanji kunyumba mdima uli bii?

Mwana wamkazi ali ndi katundu wina. Akakhala pakhomo, ndiye wotunga madzi, wophika, wolera ang'ono ake ndi wodwazika agogo. Inu makolo, ngati mwasankha kuti akhale pakhomo kuti mupulumutse ndalama za lendi, mum'masule ku nchito zina, apo ai mwapulumutsa lendi n'kutaya maphunziro.

Kutali nako kuli ndi mtengo wake: lendi, cakudya cogula, ulendo wa pa maliro kapena matenda, ndi kusungulumwa kwa mwana amene sanacokepo pakhomo. Koma kumapatsa bata, ndipo kumaphunzitsa cilankhulo. Dokotala amayamba kupeza matenda pomva zimene wodwala akunena. Mwana wa Cinyanja amene waphunzira kufunsa wodwala m'Cibemba ku Ndola, kapena m'Citonga ndi Cilozi ku Livingstone, wapeza cida cimene adzagwiritsa nchito moyo wake wonse.

Kalasi yeniyeni ndi wodi

Udokotala suphunziridwa m'buku mokha. Zaka zotsiriza zimathera pambali pa bedi la wodwala, motero funsani za cipatala cimene sukuluyo imaphunzitsiramo. UTH ndi cipatala cimene cimalandira odwala otumizidwa kucokera m'dziko lonse, ndipo wophunzira amaonako matenda osowa ndi akatswiri a mitundu yambiri. Ku Ndola kuli Ndola Teaching Hospital, cipatala ca ana ca Arthur Davison, ndi malo ofufuza matenda. Pa Chainama pali cipatala ca Levy Mwanawasa ndi ca Chainama Hills ca odwala maganizo. Ciliconse cili ndi mphamvu yake.

Koma kukula kwa cipatala sikokwanira. Ophunzira akaculuka pa bedi limodzi, wa kumbuyo amangoona misana ya anzake. Funani ophunzira a caka cacisanu kapena cacisanu ndi cimodzi a masukulu onse awiri, muwafunse: mumakhala angati pa wodwala mmodzi? Mwathandiza amayi angati kubereka? Mwasoka mabala angati? Kodi aphunzitsi amabwera m'wodi? Mayankho ao ndi oposa kabuku kalikonse kotsatsa sukulu.

Kolera itafalikira mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024, kufikira bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo osamalira odwala, cimene cinkafunika cinali manja odziwa kupeza mtsempha wa munthu wotha madzi m'thupi. Palibe mayi wa ku Kanyama amene anafunsa kuti dokotala anaphunzira kuti. N'cimodzimodzi m'zipatala zathu za Matero, Chawama ndi Kanyama, kapena za mishoni monga St Francis ku Katete ndi St Luke's ku Mpanshya, kumene dokotala wacinyamata angapezeke yekha usiku ndi mayi wotaya magazi.

Liwu la mwana limveke

Mutu umodzi susenza denga, cotero abambo, amayi, amalume ndi onse amene adzapereka ndalama akhale pansi pamodzi. Koma amene adzawerenge usiku, adzalowe m'cipinda cophunziriramo matupi a akufa, ndi kupirira zaka zonsezo, ndi mwanayo. Mum'funse kumene mtima wake ukukhazikika, ndi cifukwa cake. Mwina akuopa kutali, mwina akuopa phokoso la pakhomo, mwinanso sanafune udokotala n'komwe koma akuopa kukukhumudwitsani. Bwino mudziwe lero kusiyana ndi kudzadziwa ndalama za zaka zitatu zitapita kale.

Mukagwirizana, musacedwe. Masukulu amaika tsiku lomaliza lobvomera malo, ndipo ena abvumbwa ndithu podikira ngongole uku akuzengereza uko. Lembetsani kumene mwasankha, ndipo sukulu inayo muiuze msanga kuti mwana wanu sabwera. Malo amene mwasiyawo akudikiridwa ndi mwana wina, mwina wa m'komboni mwanu momwemo, amene sanalandire kalata ngakhale imodzi.