Ndolo Zatsopano, Bala Latsopano: Kusamala Khutu Kumene Madzi Ndi Osowa

Ku Mabvuku ndi ku Tafara, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, tsiku la mtsikana limayambira pa mjigo. Amaima pamzere ndi ndowa yake, akatunga amasenza, ndipo pobwerera madzi amakhavukira pa mpango n'kutsetserekera m'makutu. Masiku ena onse zimenezi sizidetsa nkhawa. Koma ngati dzulo lake agogo anamuboola makutu kuti ayambe kuvala ndolo, madzi amenewo akugwera pa bala laliwisi.

Mabanja ambiri a m'madera amenewa, komanso ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, ndi zidzukulu za Achewa, Ayao, Amang'anja ndi ena amene anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, makamaka m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Pamodzi ndi chinenero ndi gule wamkulu, anabwera ndi luso la kumudzi loboola makutu: munga kapena singano, kenaka ulusi, pomaliza kaphesi ka udzu kuti bowo lisatsekeke. Lusoli lilipobe, koma malo anasintha. Kumene anthu ndi othithikana ndipo madzi aukhondo ndi osowa, kabala kakang'ono kakhoza kufikitsa mwana kuchipatala.

Bala laling'ono, milungu yambiri

Kuboola kumatha m'kanthawi kochepa, koma kupola kumachedwa. Mnofu wofewa wa m'munsi mwa khutu umapola pakatha milungu 6 mpaka 8. Kumtunda kwa khutu, kumene kuli chicherewecherewe, kumatenga miyezi itatu kapena kuposerapo, mwina mpaka chaka, chifukwa magazi amayendako ochepa. Pa nthawi yonseyi thupi limakhala likumanga khungu latsopano m'kati mwa bowo. Kunja kukhoza kuoneka ngati kwapola pamene m'kati mudakali mwamuwisi.

M'masiku oyamba sizachilendo kuti khutu lipweteke pang'ono, litupeko, ndi kutulutsa timadzi toyera timene timauma n'kupanga tinkhanambo m'mbali mwa ndolo. Zimenezi zimangosonyeza kuti bala likupola. Vuto limabwera tizirombo tikalowa, ndipo kawirikawiri timalowa kudzera m'njira zitatu: chida choboolera, zala, ndi madzi.

M'mera n'poyamba

Singano imodzi ikaboola ana atatu a m'banja limodzi motsatizana, magazi a woyamba amafika kwa wotsiriza. Anthu ambiri amaopa kachirombo ka HIV, ndipo n'koyenera kutero, koma kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamafala mosavuta kuposa ka HIV, ndipo kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku 7. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo 65 miliyoni mwa iwo anali m'chigawo cha Africa. Ambiri sadziwa kuti ali nawo.

N'chifukwa chake munthu aliyense ayenera kubooledwa ndi singano yakeyake yatsopano, yochokera m'paketi yosatsegula, ndipo ikagwira ntchito itayidwe pamene ana sangaitole. Kuiwaula pa kandulo kapena kuipukuta ndi sipiriti sikokwanira kuti ibooletse munthu wina. Kamfuti koboolera kamene kamapezeka m'masaluni ena n'kovuta kukayeretsa bwinobwino, ndipo kamaphwanya chicherewecherewe. Munga ndi udzu wa kudambo zikhoza kukhala ndi dothi, ndipo m'dothi ndi m'ndowe ndi mmene mumakhala tizirombo ta kafumbata. Mabanja amene amalima chimanga m'malo opanda nyumba a m'mbali mwa tauni ayenera kukumbukira zimenezi. Khanda lisabooledwe lisanalandire katemera wa pa milungu 6, 10 ndi 14, amene amateteza ku kafumbata ndi hepatitis B. Chabwino koposa ndi kudikira mpaka mwana atakula moti angathe kusamala khutu lake.

Ndolo yoyamba nayo ndi yofunika kuisankha bwino. Ndolo zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi chitsulo cha nickel, chimene chimayabwitsa ndi kunyekeza khungu la anthu ena. Mayiko a ku Ulaya anaika lamulo lochepetsa chitsulochi m'zodzikongoletsera mu 1994, koma ndolo ya pamsika siuza wogula chimene chili m'kati mwake. Yabwino ndi kandolo kowongoka, kopepuka, kachitsulo chosachita dzimbiri chonga cha zida zakuchipatala, kapena kagolide weniweni. Ulusi umamwa madzi ndi thukuta, motero umasunga tizirombo pa bala.

Nkhani yagona pa madzi

Madera ena a ku Mabvuku ndi Tafara anatha zaka zambiri mipopi ili youma. Anthu a ku Harare saiwala kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro inali imodzi mwa madera okhudzidwa kwambiri. Mu September 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi Budiriro pamene zonyansa za m'mapaipi ophulika zinalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Kolera salowera pa khutu, koma miliri imeneyi inaonetsa kuti madzi ooneka oyera akhoza kukhala oipa. Tizirombo tina, monga totchedwa Pseudomonas, timakonda malo a chinyontho ndi madzi okhalitsa m'zigubu, ndipo tikalowa m'chicherewecherewe tikhoza kuchiwononga mpaka khutu kupindika osawongokanso.

Mwamwayi, kusamala khutu sikufuna madzi ambiri. Lita imodzi ya madzi iwiritsidwe mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi, athiremo supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, ndipo aivundikire kuti izizire. Mchere usachuluke, chifukwa umawotcha khungu latsopano. Madziwa akonzedwe atsopano tsiku lililonse. M'mawa ndi madzulo, wosamalayo ayambe wasamba m'manja ndi sopo, anyowetse kansalu koyera kowiritsa, aike pa bowo kutsogolo ndi kumbuyo mpaka tinkhanambo titafewa, apukute pang'onopang'ono, ndipo aumitse. Thaulo la banja lonse lisayandikire pa bala.

Kale anthu ankalangizidwa kumapotokola ndolo kuti isamatirire. Masiku ano akatswiri ambiri amaletsa, chifukwa kupotokola kumang'amba khungu limene likumera ndi kukankhira litsiro m'kati. Ndolo isavulidwe milungu 6 isanathe, ndipo kotsekera kumbuyo kasathinitsidwe, poti khutu likatupa kamamira m'mnofu, makamaka kwa ana. Phulusa, palafini, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola ndi sipiriti zisapakidwe. Kuluka tsitsi kokoka ndi mankhwala owongolera tsitsi zidikire. Mpango ndi nsalu ya pa pilo zichapidwe pafupipafupi, ndipo mtsikana wopita ku mjigo asadzaze ndowa mpaka m'milomo. Akafika atsuke khutu ndi madzi a mchere aja.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho makolo ayang'ane zizindikiro zina: ululu umene ukukulirakulira pakapita masiku, kutentha kwa khutu, kutupa kumene kukufalikira, mafinya achikasu kapena obiriwira onunkha, mwanabere m'khosi, ndi kutentha thupi. Zikatere, munthu apite ku chipatala cha khonsolo cha m'dera lake, monga cha ku Mabvuku, Mbare, Glen View kapena Budiriro. Asavule yekha ndolo asanaonane ndi namwino, chifukwa bowo likatsekeka mafinya amatsekeredwa m'kati. Ngati kutupa kuli kumtunda kwa khutu, apite tsiku lomwelo. Makapisozi ogula pamsewu sayenera kumwedwa kapena kuthiridwa pa bala: mwina sangakhale olimbana ndi tizirombo timene talowa, ndipo amachititsa kuti tizirombo tizolowere mankhwala. Odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika afunse kaye uphungu asanabooletse.

Pali vuto lina limene limadza mochedwa. Patapita miyezi, chipsera chikhoza kukula n'kukhala chotupa cholimba chonyezimira, chimene madokotala amachitcha keloid. Chimagwira kwambiri anthu akhungu lakuda, makamaka a zaka 10 mpaka 30, ndipo chimayenda m'magazi a pa mtundu. Si ufiti ndipo si khansa. Kuchimanga ndi ulusi kapena kuchidula ndi lezala kumangochikulitsa. Ngakhale kuchipatala, kuchidula kokha sikukwanira, n'chifukwa chake amaphatikiza ndi jakisoni kapena tozipanikiza. Banja limene lili ndi zotupa zotere liganize kawiri lisanaboole mwana.

Ntchito ya alangizi

Alangizi a zaumoyo a m'madera a Harare, amene ambiri ndi amayi achikulire, amayendera kale makomo kuphunzitsa za kolera, katemera ndi kusamba m'manja. Nkhani ya makutu ikhoza kulowa m'maulendo omwewo popanda kuwonjezera ndalama. Kuletsa agogo kuboola adzukulu sikungaphule kanthu, poti mwambowu ndi wakalekale ndipo anthu amaunyadira. Chothandiza n'kukhala nawo pansi, pamodzi ndi eni masaluni ndi magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, n'kugwirizana mfundo zochepa: singano imodzi munthu mmodzi, m'manja mosamba, madzi owiritsa a mchere, ndi kuleza mtima kwa milungu 6. Mtengo wa zonsezi ndi sopo, mchere ndi nkhuni zochepa. Mtengo wa kunyalanyaza ndi ndalama za kuchipatala, masiku ojomba kusukulu, ndipo nthawi zina khutu lopunduka moyo wonse.