NKHOKWE ZA PA INTANETI ZITHANDIZA KUPEZA MBEU ZABWINO

Mlimi akafuna mbeu ya caka camawa amasankha cimanga cacikulu ca njere zokhwima bwino, nacipacika pa utsi. Adziwa kuti mbeu imatengera makolo ace. Akatswiri a zaulimi anapeza kuti malangizo a kutengerako ali m'kanthu kochedwa DNA, kamene kali m'thupi la comera ciriconse. Malangizowo amalembedwa ndi zilembo zinai zokha, A, C, G ndi T, ndipo tizigawo tace tochedwa majini ndito tilamula msinkhu wa phesi, mtundu wa njere, ndi mphamvu ya kupirira matenda kapena cilala.

Zilembozi ndi zambirimbiri. Mu 2009 akatswiri anafalitsa malangizo a cimanga cochedwa B73, ca ku Iowa m'dziko la America, ndipo anapeza zilembo pafupifupi 2,300,000,000 ndi majini oposa 32,000. Munthu wowerenga cilembo cimodzi pa sekondi, usana ndi usiku, angathe zaka zoposa 70. Cifukwa cace zonsezi zimasungidwa m'makompyuta, m'nkhokwe zimene katswiri wa ku Chipata angatsegule pa intaneti monga mnzace wa ku London.

NKHOKWE ZACE

Nkhokwe ya GenBank, imene inayamba mu 1982, isunga malangizo a zamoyo za mitundumitundu. Ya cimanga ichedwa MaizeGDB, ndipo iyang'aniridwa ndi cigawo ca zaulimi ca Boma la America. Ya cinangwa ndi Cassavabase, ya nshawa ndi PeanutBase.

Koma comera coyamba kuwerengedwa sicinali cakudya ai. Kanali kaudzu kochedwa Arabidopsis, kacibale ka mpiru ndi kabici, kamene malangizo ace anafalitsidwa mu 2000. Akatswiri anakasankha popeza kamakula ndi kubala njere pa masabata ngati 6, katenga malo ocepa, ndipo zilembo zace nzocepa poyerekeza ndi za cimanga. Majini ambiri a kaudzuka afanana ndi a mbeu za m'munda. Motero katswiri akapeza jini yacilendo m'nshawa, amaifunafuna m'nkhokwe ya Arabidopsis yochedwa TAIR, imene inayamba mu 1999, kuti aone nchito imene inzace igwira m'kaudzuko.

Kusunga nkhokwe zotere kufuna ndalama. Thandizo la Boma la America ku TAIR litatha, masukulu ndi makampani amene aigwiritsa nchito kwambiri anayamba kulipira. Nkhokwe ikasowa woisamala, nzeru za zaka zambiri zikhoza kutaika.

PHINDU KWA MLIMI

Kale wopanga mbeu akakwatitsa mitundu iwiri ya cimanga, anali kubzala ana ace onse ndi kudikira kufikira nyengo yokolola kuti aone abwino. Tsopano amadula kacidutswa ka tsamba la mmera, nayesa DNA yace, nayerekeza ndi zolembedwa m'nkhokwe. Mmera wokhala ndi jini yofunika ausunga, wopanda jiniyo auzula. Njira imeneyi sikulowetsa jini yocokera ku camoyo cina, monga zicitikira m'mbeu za GMO. Ndi kukwatitsa kwa masiku onse, koma kusankha kwace nkwamsanga.

Citsanzo ndi cimanga ca olenji, copatsa vitamini A, amene ana akamsowa saona bwino usiku ndipo amadwaladwala. Mu 2012 Zambia inavomereza mitundu itatu ya cimangaci, mwa nchito ya ZARI, CIMMYT ndi HarvestPlus. Majini awiri amene aculukitsa zopatsa vitaminiyu m'njere anafalitsidwa mu 2008 ndi 2010, ndipo akatswiri a CIMMYT akhala akuwayesa m'mmera posankha makolo a mitundu yatsopano.

Nchito yotsala njaikulu. Cilala ca 2024, cimene Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa kufunika kwa cimanga copirira dzuwa. Kupirira cilala sikudalira jini imodzi koma majini ambiri ogwira nchito pamodzi, ndipo kuwapeza kufuna zolembedwa za minda yambiri ya m'maiko ambiri. Mutu umodzi susenza denga.

MBEU ZA MAKOLO

Kompyuta isunga zilembo, koma siimeretsa mbeu. Majini opirira amene akatswiri afuna ali m'zomera zamoyo, ndipo ena ali m'cimanga, mapira, nyemba ndi nzama za makolo. Ndico cifukwa cace mbeu zotere zimasungidwa m'zipinda zozizira ku Mount Makulu, ku Chilanga, ndiponso ku nkhokwe ya maiko a SADC ku Chalimbana. Mbeu yatsopano nayo imayamba yayesedwa m'minda ya ofufuza monga ya ku Msekera, pafupi ndi Chipata, isanafike kwa alimi.

Alimi alimbikitsidwa kufunsa alangizi a zaulimi za mitundu yoyenera dera lao, ndi kugula mbeu yovomerezedwa. Koma pobzala mbeu zatsopano asataye zakale. Mtundu wa mapira ukatha m'midzi usanasungidwe, palibe katswiri amene angaubweze.