Kusintha Mapu a Injini ya Galimoto Yaliŵiro

Msewu wochokera m'tauni ya Lilongwe, kudzera ku Chinsapo kupita ku Likuni ndi ku Chigwirizano, sudakonzedwere galimoto za mpikisano. Pamayenda maminibasi oima paliponse, njinga za kabaza, anthu okankha matumba a makala ndiponso ana a sukulu. Komabe pamsewu womwewu pamaonekanso Subaru Impreza ndi Volkswagen Golf GTI, zina zochokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, zina zochokera ku South Africa. Dandaulo la eni ake limafanana. Amati galimoto ikapeza msewu wopanda anthu imayenda bwino zedi, koma ikaloŵa pamzere wa galimoto zoyenda pang'onopang'ono imayamba kuzengereza, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi ngati yabayidwa. Akapita nayo kumagalaja a ku Biwi, pena amauzidwa kuti mankhwala ake ndi kusintha mapu a injini. Nkhani ya lero ikulongosola tanthauzo la mau ameneŵa.

Omvera achikulire akukumbukira masiku a kabuleta. Makaniko ankatsegula boneti, kutchera khutu, n'kumapotoza kasikuluwu mpaka injini italira mokoma. Moto wa m'mapulagi ankausintha potembenuza pang'ono distributor. Ntchito ziŵirizi, kuyeza petulo ndi kusankha nthaŵi yoyatsira moto, ndizo zidalandidwa ndi kompyuta. Kampani ya Bosch ya ku Germany idaika chipangizo chamagetsi choyezera petulo mu Volkswagen 1600 m'chaka cha 1967, ndipo mu 1979 idaphatikiza petulo ndi moto m'kabokosi kamodzi kotchedwa Motronic, kamene kadayamba kugwira ntchito mu BMW 732i. Kabokosi kotere amakaniko amakatchula kuti ECU. Kuyambira mu 1996 dziko la America lidalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi soketi ya mabowo 16 pafupi ndi chiwongolero, ndipo lero pasoketi yomweyo ndi pamene makaniko amalumikiza laputopu yake.

Mapu amene akunenedwaŵa alibe mitsinje kapena mapiri. Ndi mndandanda wa manambala, wofanana ndi matebulo a samu a kusukulu. Mbali ina ya tebulo imasonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pamphindi imodzi, mbali inayo imasonyeza kuchuluka kwa mpweya umene ikukoka. Pamene mizere iŵiriyo yakumana pamakhala nambala youza injini kuti ithire petulo wochuluka bwanji. Tebulo lina limanena nthaŵi yoyatsira moto, lina mphamvu imene turbo ikankhire mpweya, ndipo m'galimoto zatsopano muli linanso lomasulira phazi la dalaivala, pakuti chopondera mafuta sichikokanso waya monga kale koma chimangotumiza uthenga ku kompyuta. Petulo amapsa bwino magalamu 14.7 a mpweya akakumana ndi galamu imodzi ya petulo. Kompyuta imayesetsa kusunga muyeso umenewu mothandizidwa ndi masensa: ina imayeza mpweya woloŵa, ina kutentha kwa madzi, ina imanunkhiza utsi mu ekisozi, ndipo ina imangomvetsera ngati m'injini mukumveka kugogoda.

Kugogoda kumeneku ndiko phata la nkhani yonse. Moto woyatsidwa ndi pulagi uyenera kuyenda mwadongosolo mkati mwa silinda, monga moto wa lupsa woyatsidwa mbali imodzi ya tchire. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, petulo wotsala amaphulika yekha moto usanamufike, ndipo pisitoni imamenyedwa ngati ndi nyundo. Mphamvu ya petulo yopirira zimenezi imayezedwa ndi nambala ya octane. Galimoto zaliŵiro zopangidwira msika wa ku Japan zidalembedwa mapu ake poganizira petulo wapamwamba wa kumeneko, amene octane yake imayandikira 100, ndipo petulo wa pamapampu a kuno safika pamenepo. Sensa ikamva kugogoda, kompyuta imachedwetsa moto pofuna kuteteza injini, ikaona kuti kwakhala bata n'kuubwezanso. Dalaivala amene akukwera mtunda ali m'giya yapamwamba amamva ngati wina akuigwira galimotoyo kumbuyo n'kumaitaya.

Palinso zina ziŵiri zimene katswiri wa ku Japan sadaziŵerengere. Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu, ndipo mpweya wa pamenepa ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Injini yopanda turbo imangotaya mphamvu yolingana ndi gawo limenelo, ndipo palibe mapu amene angaibwezere mpweya umene kulibe. Ya turbo imabweza zambiri mwa zotayikazo, koma turboyo imazungulira kwambiri, imatentha, ndiponso imachedwa kudzuka. Chachiŵiri ndi ethanol. Dziko la Malaŵi lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa mu 1982, pamene maiko ambiri anali asanaganizeko. Ethanol amathandiza kuletsa kugogoda, koma amafuna magalamu 9 okha a mpweya pa galamu iliyonse, ndiye kuti injini iyenera kumwa wochulukirapo. Poyenda mwachifatse sensa ya mu ekisozi imakonza kusiyanaku. Koma dalaivala akaponda mpaka pansi, galimoto zambiri zimaleka kumvera sensayo n'kungotsata tebulo. Tebulolo likakhala lopereŵera, injini imatentha mkati mpaka pisitoni kusungunuka.

Apa ndi pamene pamaoneka kusiyana kwa mmisiri ndi munthu wongokhala ndi laputopu. Mmisiri amayamba wakopera ndi kusunga mapu oyamba a kufakitale. Kenaka amamangirira chida choyezera utsi, amayendetsa galimotoyo ndi petulo yemweyo amene mwini wake amagula masiku onse, n'kumalemba zimene injini ikuchita pa liŵiro lililonse. Amasintha manambala ochepa, kuyesanso, kusinthanso, mwina tsiku lathunthu. Moto amaubweza pang'ono m'malo amene injini imagogoda, kuti kompyuta ileke kulimbana nayo. Chopondera mafuta amachifeŵetsa poyambira, kuti kugunda pang'ono ndi chala kusadumphitse galimoto kumbuyo kwa minibasi. Turbo amaiuza kuti iziloŵa pang'onopang'ono m'malo mobwera yonse nthaŵi imodzi. Chodabwitsa nchakuti galimoto yotere ikhoza kutuluka ndi mphamvu yocheperapo pamwamba penipeni, koma mwini wake n'kuona ngati yawonjezera, popeza tsopano ikuyankha pa liŵiro limene iye amayendadi.

Winayo amatenga mapu opezeka pa intaneti, olembedwera petulo wa ku England ndi nyengo yozizira ya kumeneko, n'kuwathira m'galimoto mphindi khumi zisanathe. Amakweza mphamvu ya turbo, amachotsa malire a makilomita 180 pa ola amene makampani a ku Japan amaika, ndipo mnyamata akapempha amamuikiranso kuphulika kwa mu ekisozi kumene kumadzidzimutsa amayi ogulitsa tomato pamsika. Kuphulikako ndi petulo wopsera kunja kwa silinda, ndipo kumaotcha mavalavu ndi turbo. Choipa koposa ndi kuzimitsa nyale yochenjeza ya padashibodi m'malo mokonza chimene yayakira. Kuti manambala a m'kabokosika si chinthu choseŵera nacho zidaoneka mu Seputembala 2015, pamene boma la America lidaulula kuti Volkswagen idalemba pulogalamu yozindikira nthaŵi yopimidwa utsi, n'kumachepetsa utsiwo panthaŵi yokhayo. Kampaniyo idavomera kuti galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni zidakhudzidwa.

Komanso nkoyenera kunena kuti galimoto zambiri zozengereza mapu ake alibe mlandu. Fumbi la mwezi wa Okutobala likamata pa sensa ya mpweya, kompyuta imaŵerenga zabodza. Mapulagi otha, sefa ya petulo yotsekeka, pampu yofooka, kapena paipi ya rabala yong'ambika zimabweretsa matenda omwewo, ndipo kuzikonza nkotsika mtengo. Mapu olembedwa pa injini yodwala amasanduka olakwika tsiku limene injiniyo yachira. Pamene mphamvu yawonjezedwadi, kilatchi, mabuleki ndi matayala zimasenza katundu amene sizidapangidwire, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira ngozi ngati sadauzidwe za kusinthako.

Mwini galimoto asanapereke makiyi ali ndi mafunso atatu oti afunse: ngati mapu oyamba asungidwa, ngati utsi uyezedwa galimoto ikuyenda, ndiponso kuti mapu atsopanowo alembedwera petulo wa kuti. Potuluka m'galajamo atenge mapu oyambawo pa kafulashi, akasunge pamodzi ndi bulubuku ya galimoto.