Za Maso Atatu Openyera Mudzi

Abale athu okondedwa a ku Mitundu, a ku Nathenje ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa Diamphwe, mwezi uno tifuna kukamba nanu za nzeru ina imene ana athu ena aphunzira ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Dzina lache pa chizungu ndi sociology, ndipo amene adalifalitsa m'zaka za m'ma 1830 ndi Auguste Comte wa ku France. Nchito ya nzeruyi ndiyo kufunsa za kakhalidwe ka anthu pamodzi: chiwamanga nchiani, ndipo chiwagawa nchiani? Pakuti munthu sabadwa wodziwa mwambo. Auphunzira kumsana kwa amai ache, kumphala, pamtondo, kuchinamwali ndi pabwalo la mfumu. Ndipo pokula apeza kuti malo ache adamkonzera kale pamodzi ndi udindo wa pamalopo: uyu ndi mtsibweni, uyo ndi nkhoswe, winayo ndi mkamwini.

Anthu ophunzira nzeru imeneyi sagwirizana m'zonse ai. Agawikana m'magulu atatu akulu, ndipo gulu liri lonse liri ndi maso ache. Tsono kuti timve bwino, titenge chinthu chimene tonse tichidziwa, ndicho chikamwini: mnyamata akakwatira akamanga nyumba kwao kwa mkazi, nalima munda wa kuchikazi, ndipo ana obadwa akhala a mbumba ya mlongo wa amai ao. Tichipenye ndi maso atatuwo.

Maso oyamba: mudzi uli ngati thupi

Mkulu wa gulu loyamba ndi Émile Durkheim wa ku France, amene adamwalira mu 1917. Otsata njira yache ati mtundu wa anthu ufanana ndi thupi, ndipo miyambo ndiyo ziwalo zache. Mwambo ukakhalitsa, iwo afunsa kuti: ugwira nchito yanji?

Ndi maso amenewa chikamwini chioneka chanzeru ndithu. Munda suchoka m'manja mwa bele limodzi, uchoka kwa amai nupita kwa mwana wao wamkazi. Mkazi sakhala yekha pakati pa anthu achilendo. Mwamuna akayamba nkhanza, alongo ache ali pafupi. Ndipo m'zaka zija amuna ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Rhodesia, ena nachona komweko, ana otsala sadasowe munda, nkhokwe kapena atsibweni owayang'anira. M'buku lache la 1897 Durkheim adasonyeza kuti kudzipha kuchuluka kumene zingwe zomanga munthu kwa anzache zalekerera. Makolo athu adaziona kale zomwezi, nati mutu umodzi susenza denga.

Koma maso awa ali ndi chilema chao. Afulumira kuyamikira chiri chonse chimene achipeza, ndipo samva msanga kulira kwa iye amene mwambo umpsinja.

Maso achiwiri: apindula ndani, alira ndani?

Funso ili lidachokera kwa Karl Marx wa ku Germany, amene adamwalira mu 1883. Iye adapenya masautso a anchito m'mafakitale a ku England, nati pansi pa mtendere wooneka pali mkangano wa chuma ndi mphamvu pakati pa eni zinthu ndi owagwirira nchito.

Tikabwera nalo funsoli kumudzi, tipeza mkamwini amene adaswa mphanje, namanga nyumba, nabzala mitengo. Koma mkazi akamwalira kapena ukwati ukatha, abwerera kwao ndi khasu ndi mphasa, nasiya ana ndi thukuta lache lonse. Ali moyo pabanjapo amkumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. Ana naonso akokedwa mbali ziwiri, kwa atate owabala ndi kwa atsibweni owalamulira, chinthu chimene mai wophunzira wa ku England, Audrey Richards, adachifotokoza mu 1950 ngati mfundo yobvuta kumasula. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, adalemba m'buku lache la 1965 kuti kunenezana ufiti kudachuluka pakati pa abale a kuchikazi okhaokha, makamaka polimbirana ng'ombe ndi ukulu wa mudzi.

Ndipo chuma chikasintha, mwambo ugwedezeka. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa chikopa adafalikira m'chigwa cha Lilongwe, ndipo mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Ndalama zidayamba kulowa m'manja mwa amuna. Kodi ndani afuna kumanga balani ndi nyumba ya njerwa pamalo pamene angampitikitse mawa? Chotero ambiri adapempha chitengwa, natenga akazi ao kupita nao kwao. Katswiri wa mbiri, Kings Phiri, adalemba za kusintha kwa banja la Achewa kumeneku mu 1983. Koma taonani, pachitengwa misozi idangosamuka: tsopano mlendo ndiye mkazi, ndipo wamasiye wolandidwa katundu ndi yemweyo. Mu 2011 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, loika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndi kuyesa mlandu kulanda chumacho.

Chilema cha maso awa nchakuti aona mdani ponseponse. Papa Leo XIII m'kalata yache ya 1891, Rerum Novarum, adabvomereza kuti anchito asautsidwadi ndipo ayenera malipiro olungama, koma adakana chiphunzitso chakuti olemera ndi osauka adalengedwa kuti azimenyana.

Maso achitatu: tanthauzo la zinthu zazing'ono

Gulu lachitatu lidakula ku Chicago m'dziko la America, potsata George Herbert Mead, amene adamwalira mu 1931, ndi wophunzira wache Herbert Blumer. Iwo ati mudzi uumbidwa tsiku ndi tsiku m'moni, m'maina ndi m'zizindikiro, ndipo munthu adziona monga momwe anzache amuonera.

Mkamwini akapatuka m'njira poona apongozi ache, mlendo wochokera kutali ayesa kuti anthuwa adana. Ife tidziwa kuti ndi ulemu waukulu. Chochitika ndi chimodzi, matanthauzo awiri. Momwemonso mau ali ndi mphamvu. Mwamuna amene tsiku ndi tsiku amva akumutchula wobwera, achita ngati wobwera: sabzala mango, sakumba chitsime, ndipo ndalama za fodya azitumiza kwa ana a mlongo wache. Koma amene aitanidwa ndi mfunda wache mwaulemu, aPhiri kapena aBanda, nafunsidwa nzeru pamaliro ndi paukwati, ameneyo asamala banjalo ngati mwini.

Maso awa apenyetsetsa zapafupi, koma zakutali ziwaphonya, monga mtengo wa feteleza, kuchepa kwa minda ndi malamulo a boma, zimene moni wabwino sangathe kuzisintha.

Tichite nazo chiani?

Inu ankhoswe, inu eni mbumba ndi inu nyakwawa, milandu ya minda ndi ya ana amasiye ifika pamaso panu chaka ndi chaka, ndipo midzi yathu irikudzaza pamene nthaka siikula. Woweruza ndi maso oyamba okha adzati mwambo ndi mwambo, napitikitsa munthu wosalakwa. Woweruza ndi achiwiri okha adzagwetsa mwambo wonse, ana nasowa powasungira. Woweruza ndi achitatu okha adzayanjanitsa anthu pakamwa, koma munda osaugawa.

Chifukwa chache tikupemphani kuti musanagamule mufunse mafunso atatu. Mwambo uwu udaikidwa kuti utchinjirize yani, ndipo ukali kumtchinjiriza kodi? Tikautsata lero, adzagona ndi njala ndani? Ndipo mau amene tanena pabwalo lino adzamveka bwanji m'makutu mwa ana amene akhala chete pambalipo? Pakuti anawo ndiwo atsibweni, akamwini ndi apongozi a mawa, ndipo mwambo umene adzausunga ndi umene auona kwa ife lero.